Mtima Wojambulidwa ndi R

Jemimah anakumana ndi Collins Loweruka lina m'mawa ku Riverside, mumzinda wa Kitwe, m'kachipinda momwe achinyamata okonda R amasonkhana. R ndi chiyankhulo chaulere cha pakompyuta, chosanthulira ziwerengero ndi kujambulira magalafu. Anthu ake ali ndi chizolowezi chimodzi: ukalemba sikiripiti, mizere ya malamulo yomwe kompyuta imatsatira, umaiika poyera pa intaneti kuti anzako aphunzirepo.

Tsikulo laputopu ya Jemimah inkangolavula malemba ofiira osonyeza kuti penapake palakwika. Mtsikanayu anali atauyamba ulendo kwawo ku Chifubu, ku Ndola, m'mamawa, ndiye misozi inali pafupi.

"Sister, osaimenya, ilibe mlandu," anatero mnyamata wina wamtali akukoka mpando. "Ndine Collins. Nipatseniko two minutes."

Mphindi ziwirizo zinatha dzuwa litapendeka. Galafu inatuluka, koma Jemimah sankayang'ananso galafu ayi. Ankayang'ana zala za Collins.

Kuyambira pamenepo foni ya Jemimah sinapumenso. Kukangocha, moni wa m'mawa wa Collins unali utafika kale.

"Mwashibukeni, Jemi wanga. Wadya, shuga wa mu tiyi wanga?"

"Awe Collins, uzanipha na manyazi!"

Patatha mwezi, Collins anamutumizira chithunzi. Unali mtima wofiira wopangidwa ndi timadontho tambirimbiri, pakati pake patalembedwa dzina lakuti Jemimah.

"Naujambula na R," unatero uthenga wake. "Madontho 1,000. Dontho lililonse ni nthawi imene nakuganiza. Sininachitilepo munthu wina ivi. Ni iwe chabe, mpaka imfa."

Ndani akanapirira? Jemimah anagwa m'chikondi chamutu. Akakwera minibasi ya ku Kitwe ankatsamira zenera n'kuyamba kumanga nyumba m'maganizo: ya mawindo aakulu, kuseri kukuoneka mtsinje wa Kafue, malaputopu awiri patebulo limodzi, kamwana ka zala zazitali kakukwawa pansi. Kawiri konse anapitirira siteji yake kondakitala akukuwa.

Kenaka kunabwera kalata. Bungwe lina la zaumoyo ku Chipata linamusankha kuti akagwire ntchito yosanthula ziwerengero za malungo kwa zaka ziwiri. Ntchito yake yoyamba chimalizireni sukulu! Ankafuna yankho lisanadutse Lachisanu.

Collins atamva anamugwira manja onse awiri.

"Chipata? Jemi, ufuna nife? Nkhala kuno. December nizatuma ba uncle kwanu ku Chifubu. Nalumbira."

Mayi ake a Jemimah sanavine nawo nyimboyo. Anangopitiriza kusita yunifomu yawo ya chigwirizano cha amayi a kutchalitchi.

"Mwana wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mnyamatayo ife sitinamuone n'komwe."

"Amama, simumudziwa chabe. Uja ni wina."

Lachisanu pa 10 koloko m'mawa, Jemimah anatumiza pa imelo kalata yokana ntchito. Mtima unali myaa, ngati wamwa madzi ozizira. Ndiye anaganiza zomuuza Collins nkhaniyi mwa njira yakeyake: amujambulire nayenso mtima, pakati alembepo kuti "Nakhala."

Koma mtima wa madontho amaujambula bwanji? Kumufunsa mwini wake kukanaulula chinsinsi. Anatsegula tsamba la pa intaneti pomwe Collins ankaika masikiripiti ake. Mnyamatayo anali ndi ulesi wina: m'malo mosankha, ankangokankhira poyera foda yonse ya ntchito zake.

Fayilo inalipo, dzina lake mtima.R. Jemimah anamwetulira, n'kuitsegula.

Mzere woyamba unali mndandanda wa maina. Pauline. Susan. Jemimah. Annet. Pambali pa dzina lililonse panali kachikumbutso ka malo ndi tsiku: Riverside Lolemba, Nkwazi Lachitatu, Chifubu Loweruka, Riverside kachiwiri Lachinayi. M'munsi mwake munali lamulo louza kompyuta kubwereza ntchito imodzimodziyo pa dzina lililonse.

Ayi, mwina sanawerenge bwino. Anayendetsa sikiripitiyo. R sadziwa kubisira munthu. Mitima inayi inatuluka motsatizana, yofiira chimodzimodzi, madontho 1,000 uliwonse, pansi pake mawu omwe aja: "Ni iwe chabe, mpaka imfa." Ntchito yonseyo inatenga masekondi awiri.

Masekondi awiri! Iye amene anakhala masiku akuwerenga timadontho tija, akumati kalikonse n'kake!

Nthawi yomweyo anaimba foni ku bungwe lija ku Chipata.

"Pepani mayi, ndine Jemimah wa ku Ndola. Kalata ija ndinalakwitsa. Ntchito ndikuifuna, chonde."

Mayi wa mu ofesi amene anayankha foniyo anapumira m'mwamba.

"Iii, mwana wanga. Titangolandira kalata yako tinaimbira amene anali wachiwiri. Wavomera kale."

Jemimah anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kulira ngati mwana. Sankadziwa chimene chinkamuwawa kwambiri, mwamuna kapena ntchito. Mayi ake anabwera, anayang'ana pa laputopu. Anangokhala pambali pake n'kumugoneka pamiyendo.

Foni inalira. Uthenga wa Collins.

"Jemi wanga, maluwa anga, wabakana ba Chipata?"

Jemimah anapukuta maso ndi chitenje cha mayi ake. Anajambula mitima inayi ija pachithunzi chimodzi, anaitumiza, kenaka analemba pang'onopang'ono:

"Nabakana, Collins. Chifukwa cha iwe. Upeleke moni kuli Pauline, Susan na Annet."