Mlendo wa Chitseko cha Kumbuyo

Ku shedi yokonzera ndege, vuto lobwera lokha n'kupita lokha salitchula kuti vuto. Amati mlendo. Nyali ya chenjezo ikayaka m'chipinda cha oyendetsa ndege, iwe n'kufufuza mawaya onse osapeza kanthu, kenako n'kuzima yokha, anzako amangoti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. A Chiphaniphani anali atalandira alendo otere ambirimbiri pa ntchito yawo ya zamagetsi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawasowetsapo tulo.

Dzinali anawapatsa ndi malemu akazi awo. Mayiyo ankagwira ntchito yosamalira anthu m'ndege, ndipo tsiku loyamba kuonana anapeza mnyamata akukwawa kunsi kwa mipando, katochi kakuphethira pamphumi. Dzina linangomatirira pomwepo. Mayiyo anauluka zaka zambiri osagwa ngakhale kamodzi, n'kudzamwalirira pabedi la m'chipatala, pansi penipeni. Zimenezi a Chiphaniphani zinkawapwetekabe mumtima, ngakhale pamaso ankaoneka ngati anapola.

Chiikireni maliro, nyali ya pabalaza kunyumba kwawo inayamba kuphethira madzulo aliwonse, nthawi yomwe malemu ankafika kuchokera kuntchito. Inkaphethira pang'ono chabe, n'kukhazikika. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, ankawaseka kuti munthu wokonza nyali za ndege yonse akukanika babu limodzi la m'nyumba mwake. Iwo ankangoyankha kuti akonza mawa. Zoona zake n'zakuti anaiyang'anapo kamodzi mwana atagona, n'kupeza kuti waya ali bwinobwino. Sanaikhudzenso.

Tsopano mwanayo anali atakula, ndipo make mbuu mwana mbuu, anasankha ntchito ya mayi ake. Bambo analetsa mpaka malovu kuuma, koma mtsikana anali ndi mutu wouma womwewo wa malemu. Ulendo wake woyamba unali m'mawa mwake, pa ndege yomwe inali m'shedi madzulo amenewo, ndipo malo ake anali pa chitseko cha kumbuyo, pomwe mayi ake ankakhala. A Chiphaniphani akutuluka kupita kuntchito, anamusiya akusita yunifomu yomwe inali yositasita kale.

“Ababa, mukandiwalitsire bwino ndege yanga,” anatero osadzutsa mutu.

Ntchito inayamba monga mwa masiku onse. Analowa m'chipinda cha oyendetsa ndege n'kudina batani loyesera nyali za chenjezo. Ukalidina, zonse zimayaka nthawi imodzi, zofiira ndi zachikasu, kutsogolo ndi kudenga komwe, ngati tauni ukamaionera paphiri. Ukalisiya, zonse zimazima. M'chipinda chimenechi mdima ndiye uthenga wabwino, chifukwa nyali imayaka pokhapokha ikakhala ndi chonena.

Anachotsa chala. Zonse zinazima, kupatula imodzi.

Inali yachikasu, yonena kuti chitseko cha kumbuyo n'chotsekula. Kabelu kanalira kamodzi, motsitsa mawu. A Chiphaniphani anayenda ndege yonse mpaka kumbuyo, n'kupeza chitseko chili chitsekere, chogwirira chili m'malo mwake. Anapukuta kachipangizo komwe kamauza nyali ija ngati chitseko chatsekeka, n'kuyesa mawaya ake mmodzimmodzi. Zonse zinali bwino. Pobwerera kutsogolo anapeza nyali yazima. Akuti atole zida zawo, kabelu kanaliranso.

Zinatero kangapo, kuyaka n'kuzima, ngati munthu akulowa n'kutulukanso. Anaitana makaniko wa zitseko, nayenso anatsekula n'kutseka, anagogoda apa ndi apo, n'kunena kuti chitseko ngati ichi angakonde chitakhala cha kunyumba kwake. Kapitawo anabwera akuyasamula, nati ameneyo ndi mlendo basi. Koma popeza za nyali mwini wake ndi wamagetsi, anati mawu omaliza akhale a iwo. Akati ndege ili ndi vuto, igona m'shedi, ulendo wa m'mawa upatsidwa ndege ina ndi anthu ena. Akati ipite, ipita. Angomuuza kusanache.

Apa mtima wa a Chiphaniphani unachita kanthu kochititsa manyazi: unasangalala. Mawu amodzi okha, mwana wawo akanatsala pansi, ndipo palibe akanawaloza chala. Ankadziwa kuti chitseko chilibe vuto. Ankadziwanso kuti mtsikanayo akanalira mpaka maso kutupa. Koma mwana wolira umamuona, ali pabalaza pomwepo.

Anzawo anapita kukamwa tiyi. Iwo anatsala kuti amalize ntchito yomwe amaitcha kumwetsa timizere. M'mbali mwa kanjira kodutsa pakati pa mipando mumakhala timizere tomwe timawala mumdima, kuti magetsi akathima anthu aone njira yotulukira. Tilibe waya kapena babu. Timangomwa kuwala kwa nyali za m'ndege, n'kudzakubweza mdima ukagwa. Pamene paphimbika pokha ndi pomwe sipamwa, ndiye pomwetsa m'kanjira simukhala kanthu, ngakhale chikwama.

Anayatsa nyali zonse, zakudenga, za m'mbali mwa mawindo, ndi tinyali towerengera ta pamwamba pa mipando. Kenako anatuluka n'kukhala pa makwerero a chitseko cha kutsogolo, khomo lokhalo lomwe linali lotsekula. M'shedi munali zii. Patali wina ankakoka bokosi la zida, kenako naye analeka. Palibe amene anawadutsa pamakwereropo, ngakhale mphaka.

Nthawi itakwana analowa n'kuzimitsa zonse.

Timizere tinawala mobiriwira, mofewa, kuchokera pamapazi awo mpaka kumbuyo. Koma tinali toduladula. Pa mzere uliwonse wa mipando panali kachigamba kakuda, pomwe kuwala sikunafike. Anawerama pa koyamba. Zinali zala za phazi. Phazi laling'ono, lopanda nsapato, chala chachikulu chitapatuka pang'ono kwa zinzake.

Munthu anali ataima pamenepo nyali zikuyaka. Anaima pa mzere woyamba, n'kusuntha, n'kuima pa wachiwiri, monga amachitira wofunsa anthu chomwe angakonde kumwa. A Chiphaniphani ankadziwa munthu mmodzi yekha amene ankavula nsapato anthu akangotsika, n'kumayenda m'ndege chopanda kanthu kuphazi, akudandaula kuti nsapato za kuntchito anazipangira anthu opanda zala.

Mantha sanabwere. Chomwe chinabwera ndi kupepuka kwa thupi, konga kwa munthu amene tulo tayamba kumutenga. Anazimitsa katochi ka pamphumi n'kutsatira mapaziwo. Kanjira kanatalika kuposa mmene ankakadziwira. Pansi pankanjenjemera pang'onopang'ono ngati injini zikulira kutali, ndipo m'mawindo, mmene munayenera kuoneka makoma a shedi, munkadutsa zinthu zoyera, zofewa, zosafulumira. Sanafune kuziyang'anitsitsa.

Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pali mpando wa anthu awiri wa ogwira ntchito. Mpando umenewu umadzipinda wokha kukhoma munthu akangonyamukapo. Usiku umenewo unali chitsikire. Kanyali ka pamwamba pake kanaphethira pang'ono, n'kukhazikika. Fungo la mafuta odzola m'manja, aja ankakhala pawindo la kuchipinda kwawo, linali ponseponse.

Anakhala mbali yakufupi ndi kanjira. Sanatembenuke. Phewa lawo lakumanzere linayamba kufunda.

“Mwachedwa, a Chiphaniphani,” anatero mawu a malemu akazi awo, otsika, okhala ngati akubisa kuseka.

A Chiphaniphani anafunsa chomwe wamagetsi aliyense akanafunsa, ngati chitsekocho chili ndi vuto, ngati abwera kudzawachenjeza.

“Chitseko chili bwino. Ndine ndimalowa.”

“Nanga kuyaka n'kuzima konse kuja?”

“Ndimati ndikalowa, ndikumbukire inu. Ndikatuluka, ndikumbukire mwana.”

Zoyera zija zinkadutsabe pa kawindo ka chitseko. Mawu aja anayamba kukamba tinthu ting'onoting'ono, kuti mtsikanayo amaiwala kudya akatanganidwa, kuti tsiku loyamba miyendo imanjenjemera ngakhale nkhope ikumwetulira, kuti iwo pa ulendo wawo woyamba analibe wowagwira dzanja. A Chiphaniphani ankangomvetsera, misozi ikutsikira m'kolala ya ovololo. Anali atamva kale komwe nkhaniyo inkapita, ndipo sankafuna kuti ifike.

“Malo awiri sindingathe, bambo ake a mwana. Mundilole ndimuperekeze.”

“Mubwerako liti?”

A Chiphaniphani anaganiza za pabalaza, za madzulo onse aja ankakhala moyang'ana kudenga, nyuzipepala ili m'manja mwachiphamaso. Anaganizanso za mawu amodzi aja omwe kapitawo ankadikira. Akanati ndege igone, onse awiri akanatsala nawo, mwana ndi mayi ake omwe. Mtima unawawa ngati tsiku la maliro lomwe lija.

“Pitani naye,” anatero.

Pambali pawo lamba analira kuti kwatsa.

Anawapeza ndi mayi wina wokolopa m'ndege, kunja kutayamba kuyera. Anali m'tulo pampando uja, atamangidwa lamba bwinobwino, nsapato zawo zitavulidwa n'kuikidwa pamodzi mwadongosolo kunsi kwa mpando. Lamba wa mbali inayo anali womanganso, koma mopanda munthu. Mayiyo anangowagwedeza phewa n'kunena kuti kapitawo akuwafuna.

A Chiphaniphani anavala nsapato n'kupita kutsogolo. Anadina batani lija, nyali zonse zinayaka. Anachotsa chala, ndipo m'chipindamo munagwa mdima wathunthu. Anadikira. Anaitananso makaniko kuti ayese chitseko iwo akuona, chifukwa maloto ndi maloto, koma m'ndegemo mukwera ana a eni. Nyali inayaka chitseko chitatsekulidwa, inazima chitatsekedwa, ndipo sinayakenso.

“Mlendo wanu uja wapita?” anafunsa kapitawo.

“Ipite ndegeyi,” anayankha iwo.

Anaima kuseri kwa mpanda wa waya mpaka ndegeyo inasanduka kadontho, n'kulowa m'mitambo.

Nkhani siigona. Pofika masana, okolopa ankanong'onezana kuti wamagetsi uja anagona ndi mzimu m'ndege. Ena ankati ndi kutopa chabe, munthu wamkulu kugwira ntchito ya usiku. Makaniko ankati timizere tikakalamba timachita zigamba, palibe chachilendo. Mayi wokolopa uja yekha ankati iye timizere tokalamba watiwona tambiri, koma tokhala ndi zala sanationepo, ndiponso mapazi onse aja ankaloza kumbuyo, panalibe ndi limodzi lomwe lobwerera.

Mtsikana anafika kunyumba dzuwa litapendeka, nsapato zili m'manja. Anadziponya pampando n'kuyamba kusimba zonse nthawi imodzi, za mitambo, za mwana wina amene analira ulendo wonse, za miyendo yake yomwe inanjenjemera ponyamuka kenako n'kungoleka yokha, ngati wina wamugwira bondo.

“Koma ababa, ulesi wanu uja mwafika nawo mpaka kuntchito? Kanyali ka pamwamba pa mpando wanga kamaphethira. Ndendende ngati iyi ya pabalaza.”

A Chiphaniphani anati akonza mawa. Mtsikana anaseka, ndipo posakhalitsa tulo tinamutenga pampando pomwepo, yunifomu ili m'thupi.

Iwo anatenga nyuzipepala n'kukhala pamalo pawo. Kunja kunada. Nthawi ija inakwana, n'kudutsa. Anadikirabe, maso ali kudenga, mpaka khosi linayamba kuwawa. Nyali ya pabalaza inkangoyaka bwinobwino, ngati nyali ya m'nyumba ina iliyonse.