Dzanja Limene Silinakwere

Njinga ya Kendra inkayenda mokhotakhota, ndipo mabelu ankalira kumbuyo kwake osalekeza. Kwawo ku Arizona ankayendetsa galimoto ya bambo ake ngakhale pokagula buledi. Tsopano ankakhala kwa azakhali ake m'dziko lina, mumzinda wa Odense, ndipo m'mawa umenewo ankapalasa kupita kusukulu pakati pa chikhamu cha njinga, mvula ikuwaza.

"Ukafuna kuima uziyamba wakweza dzanja," anatero Malthe, msuweni wake, amene ankapalasa pambali pake. "Ndikuuze kangati kodi?"

"Ndikweze dzanja ngati ndili m'kalasi? Mphunzitsi wake ndani, iweyo?" Kendra anaseka monyodola. "Anthu akuno mumandimvetsa chisoni. Loboti ikafiira mumangoti chilili, pamsewu popanda ndi galu yemwe."

"Kwanuko njinga ndi chidole," anayankha Malthe. "Kuno ndi miyendo."

Kunena zoona, kuseka kwa Kendra kunali kwa pakamwa chabe. Ankaopa kugwira handulo ndi dzanja limodzi. Koma mtsikana wa layisensi ya galimoto akanaulula bwanji zimenezo kwa kamnyamata kopanda ndi ndevu zomwe?

Kumbuyo kwenikweni kwa Kendra kunali Liva, mlongo wa Malthe wa zaka zisanu ndi ziwiri, pa kanjinga kake kofiira. Mwanayo ankachita zomwe anaphunzitsidwa kuyambira ali kumkaka: maso pa dzanja la amene ali kutsogolo.

Atayandikira mlatho, foni inalira m'thumba la Kendra. Anadziwa kuti ndi mayi ake, ndipo mtima unathamangira kwawo. Anafinya mabuleki onse awiri, njinga n'kuima nji!

Liva analibe kothawira. Anakhotera kumanzere, tayala linatsetsereka m'mphepete mwa kanjira ka njinga, ndipo mwanayo anagwera mumsewu wa magalimoto. Kumbuyo kunkabwera basi.

"Liva!" anakuwa Malthe.

Kendra anatsinzina. Anamva mabuleki akulira, akulirabe, kenako zii. Anakumbukira mmene iye mwini ankathamangitsira galimoto kwawo, osayang'ana n'komwe ngati pambali pali wa njinga. Ankaopa kutsegula maso. Akanakawauza chiyani azakhali ake?

Atayang'ana, anaona basi itaima, kanjinga kofiira kali kunsi kwake. Chisoti cha Liva chinatsala pang'ono kukhudza tayala la basiyo. Mwanayo anatakataka, kenako n'kudzuka yekha, bondo likutuluka magazi.

Dalaivala, mayi wa imvi, anatsika mothamanga. "Mwayi wake ndinali nditachepetsa kale liwiro," anatero. "Ndinaona kuti wakutsogoloyo akupepeluka. Ndani amaima osakweza dzanja?"

Anjinga onse anali ataima, maso ali pa Kendra. Malthe anagwada n'kukumbatira mlongo wake, osamuyang'ana n'komwe msuweni wakeyo. Kendra analakalaka akanangomutukwana.

Liva anatsimphina mpaka pamene panali Kendra. Anamugwira dzanja, n'kulitembenuza uku ndi uku ngati akufufuza bala.

"Asuweni, dzanja lanuli likupweteka?" anafunsa. "Ndimalidikira, koma silinakwere."

Misozi imene Kendra ankaibweza inangoti mbwe. "Silikupweteka, Liva. Ndimaopa kusiya handulo. Ndimaopa kugwa."

"Ukanangonena," anatero Malthe. "Tonsefe tinagwapo pophunzira. Koma tinkagwa tokha."

Kanjinga kofiira kanali katapindika tayala. Kendra anamukhazika Liva pachishalo cha njinga yake n'kuyamba kukankha, Malthe akukoka njinga ziwiri zinazo pambuyo. Foni inaliranso m'thumba, koma sanaigwire.

Atafika pachipata cha sukulu ya Liva, Kendra anali akuyendabe wapansi. Komabe anakweza dzanja m'mwamba, kenako n'kuima. Malthe sanaseke.