Mpira wa Ganyu

Pakhomo pa bambo Armindo ndi mayi Gracinda ku Lifidzi padali pamtendere. Ankalima chimanga, nyemba ndi kachewere, ndipo Lamulungu banja lonse linkalawirira ku Misa. Mwana wawo woyamba, Josias, adakula womvera: akamuitana ankavomera, akamutuma ankathamanga. Koma mphatso yaikulu imene Mulungu adampatsa idali mwendo wamanzere.

Mpira adayambira pa chikulunga, mpaka a Emílio, mphunzitsi wa timu yathu ya Mphenzi, adamutenga akadali wamng'ono. Timu imeneyi si ya bwana aliyense, ndi ya mudzi. Bwalo tidasalaza tokha ndi makasu, ndipo anyamata akamakasewera kutali amayi amawaphikira mbatata ya paulendo. Josias akagoletsa tinkamva ngati tagoletsa tonse. Sipadatenge nthawi, adamuika kukhala kapitawo.

Koma kutamidwa nako kumaledzeretsa. Mnyamata uja adayamba kuyenda mothimbwidzika, khasu lidayamba kumulemera. Tsiku lina atapita ku Kalomwe kukagulitsa nyemba, adakumana ndi Sebastião, wosintha ndalama pamalire, munthu wa pakamwa potsekemera.

"Akapitawo!" adatero Sebastião. "Mwendo wabwino ngati umenewo mukuuthera mbatata yophika? Tsidya ili la Malawi matimu a m'midzi akafika pa mpikisano amafuna anthu onga inu. Ndi ganyu basi. Muvala malaya awo, mutenga dzina la mnyamata wawo, mugoletsa. Mukatha mbuzi yagwa, mowa wosagula."

"Nanga a Emílio akamva?"

"Amva kwa yani? Kumeneko simukakhala Josias. Mukakhala Chakondwa."

Loweruka lotsatira Josias adapita, adagoletsa zigoli ziwiri, anthu adamunyamula m'mwamba. Adampatsa kachasu. Kapu yoyamba idamutsamwa, yachiwiri idatsika bwinobwino. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse adali tsidya, ndipo Lolemba anzake akamathamanga pabwalo iye adali chigonere, mutu ukuwawa. Mpweya udayamba kumuthera msanga pa masewero.

Mayi ake pochapa adapeza malaya achikasu pansi pa mphasa.

"Iwe Josias, malaya awa ndi a timu iti? Nanga fungo ili?"

"Amayi, za mpira inu simuzidziwa."

"Za mpira sindizidziwa, koma kachasu ndimamudziwa. Ndiye adatenga amalume ako. Ufuna ndilire kawiri?"

Bambo ake sadakalipe. Adamuitana kumunda, n'kumukhazika pamzere. "Mwana wanga, mapanga awiri avumbwitsa. Amene adakulera pa mpira ndi anthu ano. A tsidyawo akufuna mwendo wako chabe, iweyo sakukudziwa."

"Ndamva, bambo," adatero Josias. Adavomera pakamwa pokha.

Chaka chimenecho Mphenzi idachita bwino kuposa kale. Padatsala masewero amodzi ku Ulongwe, ndipo wopambana amayenera kupita ku Tete kukakumana ndi matimu a chigawo chonse, chinthu chimene timu yathu idali isanachionepo. Lachisanu a Emílio adasonkhanitsa anyamata.

"Mawa palibe wopita kutali. Mupume. Lamulungu mudzi wonse uli pambuyo panu." Kenaka adayang'ana Josias. "Wamva, kapitawo?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Loweruka m'mawa Sebastião adafika pa njinga yamoto, n'kuima kuseri kwa nkhokwe.

"Lero tsidya ndi ndime yomaliza ya mpikisano, mkulu. Chikho chili poyera."

"Iyayi, mawa tili ndi jogu yaikulu, masewero aja a ku Ulongwe."

"Ndiye lero mukangotenthetsa magazi. Chigoli chimodzi, n'kutuluka. Kodi mwayamba mantha ngati mwana wa ku eskola?"

Mawu amenewo adamulasa, ndipo adakwera. Kunkazizira kwambiri tsiku limenelo. Asanalowe m'bwalo Sebastião adamutambasulira botolo kuti achotse chisanu. Adamwa, n'kumwanso.

Mpira utangoyamba, ochemerera timu inayo adayamba kukuwa. "Ameneyo si Chakondwa! Chakondwa timamudziwa, ngwamfupi! Uyu ngwaganyu wa ku Mozambiki!" Wotchinga kumbuyo wina, chimunthu cha mapewa, adamva zimenezo ndipo adasiya kuyang'ana mpira. Adabwera ndi miyendo yonse iwiri. Josias wa kale akadadumpha, koma uyu maso adali olemera. Mwendo wamanzere udalira ngati phesi louma.

Ali gone pansi akubuula, adamva akuluakulu a timu imene idamulemba ganyu akunong'onezana. "Tikapita naye ku chipatala afunsa dzina, nkhani iphulika, atilanda chikho. Mchotseni msanga." Adamuvula malaya achikasu aja pomwepo, n'kumuveka Chakondwa weniweni. Josias adaitana Sebastião, koma njinga yamoto idali itapita kalekale. Akuluakulu aja adamukweza pa njinga ya kabaza, n'kumudutsitsa njira zachidule za m'minda, mwendo ukulendewera ndi kugundagunda m'miyala. Wakabazayo adamusiya kwa anthu achifundo mbali ino ya malire.

Lamulungu m'mawa lole idaima pabwalo la Lifidzi, yodzaza. Amayi ankaimba nyimbo yotchula dzina la Josias, anyamata atavala kale zosewerera. A Emílio ankangoyang'ana kumsewu. Ndiye padatulukira ngolo ya ng'ombe, ikubwera pang'onopang'ono, kapitawo wathu atagona m'menemo wopanda malaya, mwendo utatupa, fungo la kachasu likumveka. Nyimbo idaduka. Mayi Gracinda adagwira kumutu n'kukhala pansi. Ine amene ndikulemba izi ndidali pomwepo, ndipo sindidadziwe ngati ndimukalipire kapena ndimulire.

Ku Ulongwe Josias adapita ndithu, pa lole yomweyo, atagona pakati pa mapazi a anzake. Iye adatsikira pa chipatala, enawo adapitirira kubwalo. Adasewera ndi mtima wosweka ndipo adagonja. Madokotala adachita zimene akadatha, koma fupa lidali litaphwanyika ndi kugwedezeka kwa panjira. Mwendo udapola wopindika, wofupikirapo.

Josias atatuluka m'chipatala, a Emílio adapita kukamuona. Josias adalephera kuwayang'ana kumaso.

"Aphunzitsi, ndidalakwa. Ndikhululukireni."

"Kukhululuka ndakhululuka, mwana wanga. Koma ndikuuze chimene chikundiwawa. Mwendo umenewu ukadathyokera pabwalo lathu, mudzi wonse ukadakunyamula pamapewa, ndipo ukadatsimphina monyada moyo wako wonse. Iwe udakauthyolera kwa eni, pa dzina la mwini."

Josias adalira ngati mwana. Mowa adausiya, adakalapa kwa ansembe, ndipo makolo ake adamulandira monga amachitira makolo. Koma mpira sadaumenyenso. Mphenzi ikamasewera amaima kutali, pansi pa mtengo, atatsamira ndodo, ndipo zaka zake sizinakwane makumi atatu.

Anyamata inu amene Mulungu wakupatsani luso, imvani bwino. Amene akukunyengererani ndi mowa kuti musiye anthu anu, tsiku la tsoka simudzamuona. Kulapa kudzakubwezerani mtendere ndi Mulungu, koma sikudzawongola fupa limene mwathyola nokha chifukwa chosamva.