Dzuwa la Pazenera

Mtsikanayu ana a pabwalo ankamutcha Wapazenera, chifukwa chisamukireni m'nyumba yosanjayo, nkhope yake ankangoionera pagalasi. Patchuthi chonse amayi ake ankalawirira ku fakitale, iye n'kutsala ndi kamlongo kake ka zaka ziwiri. Kamwanako ankakatcha Bwana, poti kankalamula ndi chala.

Koma miyendo ya Bwana inali itayamba kukhota. Anamwino anati ndi matewe, mafupa akusowa vitamini D.

"Madontho ake atithera, mubwere mwezi wamawa," anawauza motero. "Pakali pano mazira ndi nsomba zithandizako pang'ono, koma chachikulu aziwothera dzuwa."

Dzuwa linali pansi, pabwalo, pomwe atsikana ankadumpha chingwe n'kumaseka. Wapazenera analibe mnzake ndi mmodzi yemwe, ndipo ankaopa kuti aseka miyendo ya mlongo wake. Choncho m'mawa uliwonse ankapukuta galasi mpaka kuti mbee, n'kukhazika Bwana pomwe kuwala kunkagwera. Zenera lake linali losatseguka. Ankakhala pamenepo awiriwiri, iye akumvera kuseka kwa atsikana aja, mtima ukumuwawa.

Mwezi utatha, anamwino anapima Bwana n'kupukusa mutu.

"Kodi dzuwa lija akuwothera?"

"Tsiku lililonse, anamwino," anayankha Wapazenera. "Pagalasi la kuchipinda kwathu."

"Mwanawe, galasi limadutsitsa kuwala ndi kutentha, koma chimene khungu limapangira vitaminiyo chimatsala kunja. Madontho ndi awa, odalirika kuposa zonse. Komabe mwanayu azituluka."

Pobwerera, amayi sanamukalipire. Anangoti, "Unayesetsa, mwanangu." Mawu amenewo ndiwo anamuliza, poti iye ankadziwa kuti chinamutsekera m'nyumba Bwana si umbuli wokha ayi, komanso manyazi a iye mwini.

Kutacha, Wapazenera anamudonthezera Bwana mankhwala pakamwa, n'kumuveka kabudula wamfupi, miyendo yonse pamtunda. Anatsika naye masitepe.

Chingwe chinaima. Maso onse anali pa iwo. Mtsikana wina wamtali, amene anakhala pakhonde, anayang'ana miyendo ya Bwana nthawi yaitali, kenako anakweza siketi yake kufika m'maondo.

"Yanganso inali choncho," anatero, akusendera. "Khalani apa, m'pamene pali dzuwa."

Bwana analoza chingwe chija, ndipo kwa nthawi yoyamba, bwalo lonse linamumvera.