Sipika Yokhala ndi Msana wa Mayi

Sipikayo itayamba kuyimba, Nasimango anacheuka kufuna kuona amene waba mawu ake. M'chipindamo munalibe mkazi wina. Munali bokosi lalitali ngati iyeyo, litaima pa timiyendo tinayi tachitsulo.

"Mayi a Sungeni, mwadzimva?" anatero a Chikakwiya, injiniya wa pafakitalepo, akuseka. "Ndinu amenewo!"

"Ine ndili pano, bwana. Nanga uyo ndani?"

Munali m'chaka cha 2071, ku Kanengo. Maloboti ankacheka matabwa, koma kusalaza mabokosi a sipika inali idakali ntchito ya manja, ya Nasimango. Kale sipika zapamwamba ankazipanga zolemera, n'kuthira mchenga pansi kuti bokosi lisanjenjemere. A Chikakwiya anafuna zosiyana. Ankati mwana woberekedwa samva nyimbo ndi makutu okha, amaimvanso pachifuwa. Choncho anamata timawaya pamsana pa Nasimango akuyimbira mwana wake Sungeni, kuti ajambule mawu ndi kunjenjemera kwa msanawo. Kenako anasema thabwa la mbawa lopyapyala, lopindika ngati nthiti. M'kati anayalamo thonje, ndipo kambale kotulutsa mawu anakaluka ndi ulusi wansungwi. Bokosilo linkafunda, linkanjenjemera ngati msana wa munthu. Analitcha Mbereko.

Analiika m'chipinda chosungira ana a antchito. Ana onse ankagona msanga. Nasimango ananyadira.

Patapita miyezi inayi, fumbi la matabwa linamusasitsa mawu. Tsiku lina poweruka anapeza Sungeni akulira. Anamubereka, nayamba nyimbo ija. Mawu anatuluka okanda, kenako chifuwa. Mwana anapiringizika mpaka anatsika, n'kukwawira kubokosi. Analikumbatira.

"Amama," anatero.

Mawu amenewo anali asanawatchulepo. Nasimango anadzifunsa. Ayankhe, kapena adikire bokosi liyankhe?

"Zimitsani chinthuchi!" anakuwa Nasimango.

Olera anawo anachizimitsa. Sungeni analira moti a Chikakwiya anabwera chothamanga.

"Musade nkhawa, mayi. Tingathe kuikonza. Tikakhuthalitsa thabwalo, izisasa mawu ngati inu."

"Ndiye mukonza bokosi kuti lifanane ndi ine, kapena ine ndifanane ndi bokosi?"

A Chikakwiya anakanda m'mutu. Pamapepala awo panalibe funso limenelo.

"Yatsani," anatero Nasimango motsitsa mawu.

Anakhala pansi, mwana pamiyendo, n'kutsamira thabwa lomwe analisalaza yekha. Linali lofunda. Mkazi wa m'bokosimo ankayimba osatopa, osatsokomola, osathamangira kukakwera basi. Sungeni anatonthola, dzanja lina pachitenje cha mayi ake, lina pambawa. Nasimango anayesa kuthandizira nyimboyo chapansipansi, koma mwana anamutseka pakamwa ndi kadzanja kake.

Nasimango anasiya kuyimba. Maso ake nawonso anayamba kulemera, ndipo sanadziwenso ngati akulera mwana kapena onse awiri aberekedwa ndi mayi amene iyeyo anali kale.