Manja Oyabwa a Hidaya

Hidaya ndi mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Kwawo ndi kufupi ndi Monkey Bay. Hidaya ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kunyamula mwana wakhanda wa amayi ake.

Amayi anakhala kuchipatala masabata atatu. Ankadikira kuti mwana abadwe. Masiku onsewo Hidaya ankagona kwa mnzake Zena. Ankagona pamphasa imodzi. Ankafunda bulangete limodzi.

Kenaka thupi la Hidaya linayamba kuyabwa. Pakati pa zala pankayabwa. Pamkono pankayabwa. Pamimba pankayabwa. Hidaya ankangokhalira kukanda.

Lachisanu amayi anabwera. Anatsika minibasi atafukata kamwana. Kanali kamnyamata.

Hidaya anathamanga. Anatambasula manja.

"Amayi, ndipatseni! Ndipatseni ndimunyamule!"

Amayi anayang'ana manja a Hidaya. Anaona tizilonda pakati pa zala. Nkhope yawo inagwa.

"Mwanangu, izi ndi mphere," anatero amayi. "Mphere zimapatsirana. Khungu la khanda ndi lofewa. Uyambe wachira kaye."

Hidaya anabweza manja ake. Anawabisa kumbuyo.

Anthu anabwera kudzaona mwana. Azakhali anamunyamula. Amayi ake a Zena anamunyamula. Ngakhale amayi ogulitsa makala, a manja akuda bii aja, anasamba m'manja n'kumunyamula. Hidaya yekha ayi.

Hidaya ankaima pakhomo. Ankasuzumira m'nyumba. Ankangoona kaphazi ka mwana. Mtima unkamuwawa kwambiri.

"Usalire," anatero ababa ake. "Lolemba tikapeza mankhwala. Lachinayi timupatsa mwana dzina. Tsiku limenelo udzamunyamula."

Koma kwa Hidaya, Lolemba kunali kutali.

Loweruka m'mawa Hidaya anapita kudoko. Asodzi ankasoka maukonde. Amalume a Jaffalie ankakonza injini ya boti. Anamuona Hidaya akukanda.

"Bwera kuno, mphwanga. Tione manjawo," anatero amalume. "Aa! Timphere tomweti? Ife asodzi sitivutika nato. Timapaka oyilo wakuda wa mu injini. Lero wapaka, mawa zauma!"

Amalume a Jaffalie amadziwa injini. Amadziwa usipa. Amadziwa mphepo ya mwera. Koma khungu la mwana salidziwa.

Amalume anathira oyilo m'kachitini. Hidaya anakakhala kuseri kwa thandala loyanikapo usipa. Anapaka pakati pa zala. Anapaka pamkono. Anapaka wambiri, kuti achire msanga.

Poyamba sanamve kanthu. Kenaka manja anayamba kutentha. Anatentha ngati wagwira tsabola. Zala zinatupa. Tizilonda tija tinasanduka zilonda.

"Ababa! Ababa!" Hidaya anathamangira kunyumba akulira.

Ababa sanakalipe. Anatenga sopo ndi madzi oyera. Anatsuka manja a Hidaya pang'onopang'ono. Anatsuka kawiri. Anatsuka katatu. Kenaka anamubereka kumsana. Anapita naye kunyumba kwa mayi Fyness, alangizi a zaumoyo.

Mayi Fyness anayang'ana manja aja. Anapukusa mutu.

"Oyilo ndi wa injini, si wa munthu," anatero. "Mukanabwera asanapake, bwenzi pofika Lachinayi zitatheka. Tsopano khungu lapsa. Mankhwala a mphere sitipaka pachilonda. Zilondazi ziyambe zapola."

"Masiku angati?" anafunsa Hidaya.

"Sabata yathunthu, mwanangu. Mwinanso kupitirira."

Hidaya anawerenga ndi zala zake zotupa. Lachinayi linali pafupi. Sabata inali yaitali. Anabisa nkhope pamsana pa ababa.

Mayi Fyness anawapatsa mankhwala a zilonda. Anawapatsanso botolo la mankhwala a mphere. Anali oyera ngati mkaka. Anawauza zochita kunyumba.

Ababa anawenga zikhadabo za Hidaya, kuti asadzipweteke pokanda. M'mawa ankatsuka zilonda. Madzulo ankatsukanso zilonda. Pakayabwa, ankaikapo kansalu konyowa ndi madzi ozizira.

Lachinayi linafika. Abale anadzaza pabwalo. Anaphika mpunga ndi nyama ya mbuzi. A Shehe anapemphera. Anthu anamumeta mwana tsitsi. Anamupatsa dzina lakuti Swadick.

Hidaya anakhala payekha pansi pa mtengo wa mango. Manja ake anali asanapole. Mpunga wake unazizira m'mbale.

Amayi anamuona. Anamumvera chisoni. Anabwera pafupi, Swadick ali m'manja.

"Bwera, Hidaya," anatero amayi motsitsa mawu. "Ungomugwira pang'ono. Kamodzi kokha."

Hidaya anaimirira. Anaponya phazi limodzi. Anaponya lachiwiri. Anaona timasaya ta Swadick. Anaona tizala take tating'ono. Kenaka anaima.

"Ayi, amayi," anatero Hidaya. "Ndingamupatsire. Ine pakayabwa ndimakanda. Nanga iyeyu? Sadziwa n'kukanda komwe."

Misozi inatsika m'masaya a Hidaya. Misozi inatsikanso m'masaya a amayi.

Amalume a Jaffalie anamva zonsezi. Iwo amakonda mpunga kuposa munthu aliyense pamudzipo. Koma tsiku limenelo anausiya m'mbale. Anachoka atazolika.

M'mawa mwake amalume anabwera atasenza nkhuni.

"Pepa, mphwanga," anatero. "Ndinakulakwira. Lero sindipita panyanja. Lero ndine wochapa."

Anawiritsa madzi mumphika waukulu. Anachapa zovala za Hidaya m'madzi otentha. Anachapa bulangete. Anachapa zitenje. Anayanika zonse padzuwa. Mphasa nayo anaiyala padzuwa.

Zilonda zitapola, Hidaya anasamba ndi sopo. Azakhali anamupaka mankhwala oyera aja. Anamupaka kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Ababa nawo anapaka. Zena naye anapaka, pamodzi ndi onse a kwawo. Amalume anachapanso zofunda zonse.

Tsiku linapita. Lina linapita. Kuyabwa kunachepa. Nkhanambo zinagwa. Khungu latsopano linaoneka.

Tsiku lina mayi Fyness anabwera pa njinga yawo. Anagwira manja a Hidaya. Anayang'ana pakati pa zala. Anayang'ana pamkono. Anatembenuza manja, n'kuyang'ananso.

"Mayi a Hidaya," anaitana mayi Fyness, "bwerani nayeni mwanayo kuno."

Hidaya anakhala pamphasa. Anawongola miyendo. Anatambasula manja.

Amayi anamuika Swadick pamiyendo ya Hidaya.

"Gwira mutu bwinobwino," anatero amayi.

Swadick anali wofunda. Anali wopepuka. Ankanunkhira mkaka. Anatsegula maso n'kumuyang'ana Hidaya.

"Swadick," ananong'ona Hidaya. "Ndine mlongo wako. Pepa, ndachedwa."

Mwadzidzidzi Hidaya anamva kufunda pamwendo. Anayang'ana pansi. Diresi lake linali litanyowa.

"Amayi! Wandikodzera!"

Ababa anaseka. Mayi Fyness anaseka. Amalume anaseka mpaka kukhala pansi.

"Wakukonda ameneyo," anatero amayi. "Bweretsa kuno, ukasinthe diresi."

Hidaya anamufukata Swadick pachifuwa.

"Ayi, amayi," anatero. "Diresi liuma lokha."