Agogomole a pa Kabati

Panali mtsikana wina. Ankamutcha Kamaso, chifukwa ankayang'anitsitsa zinthu. Kamaso ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna agogomole ake.

Agogomolewo anali banja la mbalame pa chitseko cha kabati. Anawajambula ndi bambo ake. Bambo akewo anali atamwalira.

Tsiku lina kunabwera bambo aakulu, mkulu wawo wa malemu. Anabwera ndi ngolo yaganyu. Pamaliro sanagwetse msozi. Tsikulo anagwetsa thukuta.

Anatenga mipando. Anatenga bedi. Anatenga wailesi.

"Alamu, mwaiwala tsache!" anatero amayi. "Tengani ndi fumbi lomwe!"

"Ndi katundu wa mng'ono wanga."

"Nanga mwanayu si wa mng'ono wanu?"

Bambo aakulu analoza kabati.

Kabati inakana kutuluka pakhomo. Mwini ngolo anamasula chitseko cha kabatiyo, ndipo inatuluka. Anachinyamula. Kenako anaima.

"Ha! Gogomole weniweni," anatero. "Mutu wofiira psuu!"

"Onani zala," anatero Kamaso motsitsa mawu. "Ziwiri kutsogolo. Ziwiri kumbuyo."

"Ndaona."

"Onani mchira. Watsamira mtengo."

"Ndaona."

"Onani m'mphako. Ana ayasama. Ali ndi njala."

"Anajambula ndani, mwana iwe?"

"Bambo anga. Ankakhala pansi pa mtengo tsiku lonse. Ine ndinkawagwirira utoto."

Mwini ngolo anayang'ana Kamaso. Anayang'ana chipinda chopanda kanthu. Anatsamiritsa chitseko kukhoma.

"Kwezani icho!" anakalipa bambo aakulu.

"Ngolo yadzaza, bwana."

"Yadzaza pati? Malo si awo?"

"Ngolo ndi yanga. Ndati yadzaza. Mukalimbana nane, nditsitsa zonse pamsewu."

Bambo aakulu anayang'ana bedi. Anayang'ana wailesi.

"Tiyeni," anatero. Ngolo inapita.

M'nyumba munalibe mpando. Munalibe bedi. Munalibe kabati. Amayi anakhala pansi, pafumbi. Anayang'ana agogomole nthawi yaitali.

"Akudyetsa anayo ndi uti?" anafunsa.

"Ndi wamkazi, amayi."

"Ndimadziwa," anatero amayi. Analira. Analira kwambiri. Kamaso nayenso analira.

Kenako amayi anapukuta misozi ndi dzanja.

"Sendera kuno, mwana wanga," anatero. "Undionetse bwino. Yambira ku zala."